Mneneri wa zaka ziwiri ndi mneneri wa zaka 70

 Lero tikambirana za malonjezo a Mulungu ndi zimene kuwakhulupirira kumafuna kwa munthu.

Pali ndime ina imene ambiri mumaidziwa pamtima, Yeremiya mutu 29 ndime 11. Mumaiona pa makalendala, pa makhadi a ukwati, kumbuyo kwa maminibasi, ndi pa WhatsApp m'mawa wa pa 1 Januwale. Mfundo yake ndi yakuti Mulungu amawaganizira zabwino anthu ake ndipo wawasungira tsogolo. Ndi mawu okoma komanso oona. Koma tayesani kumufunsa amene akuitchulayo kuti ndime ya 10 ikukamba zotani, muona akukanda m'mutu. Ndime ya 10 ndiyo imanena nthawi, ndipo nthawi yake ndi zaka 70.

Tiyeni tibwerere kumene mawuwa anachokera. M'chaka cha 597 Yesu asanabadwe, Nebukadinezara mfumu ya ku Babulo anazinga Yerusalemu. Mfumu Yehoyakini, mnyamata wa zaka 18 amene anali atangolamulira miyezi itatu, anadzipereka. Ababulo anamutenga pamodzi ndi mayi ake, nduna, asilikali, amisiri ndi osula zitsulo, anthu ngati 10,000 malinga ndi buku lachiwiri la Mafumu. Anatenganso ziwiya zamtengo wapatali za m'Kachisi. M'dzikomo anasiyamo amphawi, ndipo pampando anaikapo Zedekiya, bambo ake aang'ono a mfumu yotengedwayo, kuti azikhoma msonkho ku Babulo.

Otsalawo mitima sinakhale pansi. Pafupifupi banja lililonse lodziwika linali ndi wake kutsidyako. Nthumwi za ku Edomu, Mowabu, Amoni, Turo ndi Sidoni zinasonkhana mu Yerusalemu, ndipo kunong'onezana kunali kwakuti bwanji tigwirizane, timuukire Mbabuloyu. Nthawi yomweyo n'kuti mneneri Yeremiya akuyenda mumzindamo atakoleka goli lamtengo m'khosi, akuuza mfumu ndi alendo ake kuti asadzinamize, ulamuliro wa Babulo sutha msanga. Mukhoza kuganiza nokha m'mene anthu ankamuonera. Kwa ambiri anali wogulitsa mtundu.

Tsono mwezi wachisanu wa chaka chachinayi cha Zedekiya, m'bwalo la Kachisi, pamaso pa ansembe ndi khamu la anthu, panaimirira mneneri wina, Hananiya mwana wa Azuri wa ku Gibeoni. Iyeyu anabwera ndi uthenga umene aliyense anali kuulakalaka. Analengeza m'dzina la Yehova kuti zisanathe zaka ziwiri ziwiya za m'Kachisi zibwerera, mfumu Yehoyakini ibwerera, onse otengedwa abwerera. Taganizani za mayi amene mwana wake wosula anatengedwa, ataima pakhamupo. Zaka ziwiri! Mwina anayamba kale kuwerenga miyezi ndi zala.

Yankho la Yeremiya ndi limene limandigwira mtima. Sanapse mtima, sanatukwane. Anavomera ndi ameni, kupempha kuti Mulungu achitedi zomwezo. Iyenso ankafuna abale akewo atabwerako, pakuti sanali munthu wokondwera ndi tsoka. Kenako anakumbutsa Hananiya kuti wolosera mtendere timamudziwa kuti ndi wotumidwa pokhapokha zimene wanenazo zitachitika. Hananiya, poona kuti khamu lili mbali yake, anafika pa Yeremiya n'kumuvula goli lija, n'kulithyola anthu akuona. Chinali chionetsero champhamvu, ndipo tsiku limenelo wopambana anali Hananiya. Yeremiya anangotembenuka n'kumapita. Analibe mawu atsopano ochokera kwa Mulungu, ndipo sanapeke.

Mawuwo atabwera, anali olemera. Goli lamtengo lathyoka, m'malo mwake mubwera lachitsulo. Ndipo mlandu wa Hananiya unatchulidwa poyera, kuti wachititsa anthu kudalira bodza. Mwezi wachisanu ndi chiwiri wa chaka chomwecho, Hananiya anamwalira.

Dziwani kuti Hananiya sanali wopembedza mafano. Ankalankhula m'Kachisi, ankatchula dzina loyenera, ndipo zina mwa zimene ananena zinali ndi choonadi, chifukwa anthuwo anabwereradi ndipo ziwiyazo zinabwereradi. Chimene anachita ndi kutenga lonjezo loona n'kulidula msinkhu, n'kulimatirapo tsiku lake la m'mutu. Bodza loopsa kwambiri m'tchalitchi limakhala lotere. Limafanana ndi lonjezo la Mulungu mpaka nkhope, kusiyana kwake kalendala basi.

Yeremiya analembanso kalata yopita kwa akapolo aja, ndipo anaitumiza kudzera mwa Elasa ndi Gemariya, nthumwi za mfumu zimene zinali pa ulendo wa ku Babulo. Kumenekonso kunali aneneri awoawo, Ahabu ndi Zedekiya wina, owauza anthu kuti asamasule katundu. Kalata ya Yeremiya inanena zosiyana. Amange nyumba, alime minda, akwatire ndi kukwatiwa, ana awo awapezere mabanja, achulukane. Ndipo chowawa koposa, aupempherere mzinda wa adani awowo, chifukwa iwo adzapeza bwino mzindawo ukakhala pabwino. M'kati mwa kalata imeneyi ndi m'mene muli ndime ija ya pa minibasi.

Tawerengerani nane. Bambo wa zaka 40 akumvetsera kalatayo ikuwerengedwa. Akamva zaka 70, akudziwa kuti iye mapiri a kwawo sadzawaonanso. Ngakhale mwana wake wa zaka khumi, ngati adzabwerere, adzabwerera ali gogo wa ndodo. Lonjezo la tsogolo labwino linaperekedwa kwa anthu amene ambiri a iwo anayenera kukaikidwa m'manda achilendo. Kulikhulupirira kunatanthauza kudzuka m'mawa, kuumba njerwa, kukumba ngalande, kulera ana m'chikhulupiriro pakati pa anthu a chinenero china. N'zosadabwitsa kuti munthu wina kumeneko, Semaya, analemba kalata yodandaula kwa wansembe Zefaniya ku Yerusalemu, kufunsa chifukwa chake wamisala ameneyu sanamumange m'matangadza.

Komatu anthu anamvera. Kunapezeka timapale tadothi tolembedwa m'chinenero cha Ababulo tochokera kumudzi wina umene unkatchedwa Al-Yahudu, mudzi wa Ayuda. Timaonetsa mabanja a mayina achiyuda akubwereka minda, akukhoma msonkho, akugawana chuma cha masiye, mibadwo ingapo motsatizana. Ku Berlin kukusungidwanso timapale tina ta mu mzinda wa Babulo, totchula mfumu Yehoyakini ndi ana ake pa mndandanda wa olandira mafuta kunyumba yachifumu. Mfumu imene Hananiya anati ibwerera m'zaka ziwiri inatulutsidwa m'ndende m'chaka cha 37 cha ukapolo wake, ndipo inakhalabe komweko.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Usiku wa pa 31 Disembala, tenti yadzaza, zokuzira mawu zikugwedeza malata a nyumba zoyandikana. Cha m'ma 11 koloko munthu wa Mulungu akwera pansanja. "Chaka chino ndi chako! Miyezi itatu isanathe, wina pano akwera ndege! Wina pano alandira makiyi!" Khamu likuyankha, "Ndalandira, Papa!" Ndiye akutulutsa maenivelopu, akuti lonjezo limafuna mbewu, ndipo kukula kwa mbewu ndiko kukula kwa chozizwitsa. Chakumbuyo uko kuli mayi wogulitsa tomato. Akumasula mfundo ya pansonga ya chitenje, m'mene muli mpamba wake wonse wopikulira mawa. Akuyang'ana ndalamazo, akuyang'ana kutsogolo, akuganiza za fizi ya mwana wa Fomu 3. Akuika zonse.

Pofika Epulo benchi lake kumsika lili ndi wina. Akapita kukafunsa, yankho limakhala lokonzeratu, lakuti chikhulupiriro chanu mayi chinachepa, kapena pali mzimu wakumtundu umene ukutchinga, bwerani Lachisanu ndi mbewu ina. Ndalama zotayikazo zimandipweteka, koma chimene chimandipweteka koposa n'chakuti mayiyu amachoka akuganiza kuti Mulungu ndiye wamunamiza, kapena kuti Mulungu amamuda. Zili ngati mwana amene bambo ake ali ku Joni, anamulonjeza kuti adzamulipirira sukulu mpaka amalize, ndipo akulipiradi. Koma woyandikana nawo nyumba amamuuza mwanayo kuti bambo ako akuti Khirisimasi ino akutumizira njinga. Khirisimasi ikadutsa popanda njinga, mwana amakwiyira bambo ake pa mawu amene sanatuluke pakamwa pawo.

Achewa timadziwa kulemera kwa lonjezo, paja timati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Nanga bwanji timalola kuti munthu azilonjeza chilichonse m'dzina la Mulungu, chaka ndi chaka, popanda womufunsa kuti za chaka chatha zija zili pati? Buku la Deuteronomo mutu 18 linapereka kale muyeso wosavuta, womwe uja Yeremiya anagwiritsa ntchito. Zimene wanena zikapanda kuchitika, sanatumidwe, ndipo palibe chifukwa chomuopera. Sindikunena kuti mlaliki aliyense wolankhula za madalitso ndi wakuba, ayi. Alipo oona mtima amene amangotengeka ndi chifundo pa anthu ovutika, amafuna kuwatonthoza msanga. Mwina Hananiya nayenso anali wotero. Koma chitonthozo chabodza chimavulaza ngakhale chitachokera mumtima wabwino.

Nthawi zina chimapha kumene. Kuyambira 2004 mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV akhala akuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma m'Malawi muno, ndipo anthu amene tikanawaika kalekale lero akulera zidzukulu. Koma azaumoyo akhala akudandaula za odwala amene amasiya mankhwala atauzidwa kuti achiritsidwa ndipo kumwa mapiritsi n'kukayikira Mulungu. Abale anga, pamene mfumu Hezekiya inadwala, mneneri Yesaya anaibweretsera lonjezo la zaka zina 15, ndipo Yesaya yemweyo analamula kuti aike phala la nkhuyu pachithupsacho. Lonjezo ndi mankhwala zinayenda limodzi. Luka, mlembi wa Uthenga Wabwino, anali dokotala. Amene anayesa kusandutsa lonjezo kukhala chifukwa chochitira zoika moyo pachiswe ndi Satana, pamwamba pa Kachisi, pamene anatchula Salimo 91 kuti Yesu adziponye pansi. Ambuye anakana, n'kunena kuti kuteroko n'kumuyesa Mulungu. Ngati muli pa mankhwala, imwani, ndipo pempherani mukumwa.

Wina afunsa kuti, nanga chitetezo chimene timapempherera chija? Funso ili silopepuka, ndipo sindilipeputsa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mbali ya phiri la Soche, matope ndi miyala zinatsikira pa Chilobwe usiku anthu ali m'tulo. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu midzi inakokoloka. Anthu oposa 1,000 anafa m'dziko muno. Pakati pawo panali madikoni, amayi a Mvano, ana a Sande sukulu amene anapemphera asanagone. Ena anapulumuka mwa njira yoti mpaka lero akamafotokoza amagwetsa misozi yothokoza. Kodi opulumukawo anali ndi chikhulupiriro choposa cha anzawo? Munthu wolankhula choncho pamaso pa namfedwa ayenera kuchita manyazi.

Tsegulani Machitidwe a Atumwi mutu 12. M'mutu umodzi womwewo, Herode akupha Yakobo ndi lupanga, ndipo Petro akutulutsidwa m'ndende ndi mngelo. Onse awiri atumwi, onse awiri a m'gulu la atatu aja oyandikana kwambiri ndi Ambuye. Mpingo umene unapempherera Petro ndi womwewo umene unalira Yakobo. Wolemba sakufotokoza chifukwa chake, ndipo ife tisathamangire kufotokoza. Paulo anapempha katatu kuti chomulasa m'thupi chichoke, ndipo sichinachoke. Anapatsidwa chisomo chokwanira kuchisenza. Mulungu amachiritsa, amapulumutsa, amatsegula makomo a ntchito, ndipo tili ndi ufulu wonse wopempha zimenezi ndi mtima wathu wonse. Koma pempho langa ndi lonjezo lake ndi zinthu ziwiri.

Ndiye analonjeza chiyani? Analonjeza kukhululukira wolapa, ngakhale amene mudzi wonse unamutaya. Analonjeza Mzimu wake kwa omupempha, ndi nzeru kwa wozisowa. Analonjeza kuti sadzatisiya tokha mpaka mapeto a nthawi, kuti mpingo wake sudzagonjetsedwa ndi imfa, kuti oponderezedwa adzaweruziridwa mlandu wawo, ndi kuti akufa adzauka. Pali lonjezo linanso limene sitilipachika pakhoma, lakuti m'dziko lino tidzakumana ndi masautso. Limenelonso linatuluka pakamwa pa Yesu. Chikole cha zonsezi kwa Mkhristu ndi manda opanda kanthu a ku Yerusalemu. Paulo anauza Akorinto mosabisa kuti ngati Khristu sanauke, chikhulupiriro chathu n'chachabe. Maziko athu ndi amenewo, chinthu chimene chinachitika kale, ndipo sichisintha ndi m'mene bizinesi yayendera mwezi uno.

Tibwerere kwa Yeremiya, chifukwa nkhani yake sinathe. Zedekiya anamvera a Hananiya ena, anaukira Babulo, ndipo goli lachitsulo lija linafika. M'chaka chakhumi cha ufumu wake asilikali a Nebukadinezara anali atazinga mzinda, chakudya chikutha, ndipo Yeremiya anali wotsekeredwa m'bwalo la alonda kunyumba ya mfumu. M'masiku amenewo kunabwera mbale wake Hanameli, mwana wa Salumu, ndi nkhani ya malonda. Ankagulitsa munda wa kwawo ku Anatoti, mudzi wa makilomita ngati asanu kuchokera ku Yerusalemu, ndipo mwa lamulo la pachibale woyenera kuugula anali Yeremiya. Munda wake uti? Dera lonselo linali m'manja mwa adani. Aliyense wanzeru zake akanati pepani achimwene, tidzakambirana nkhondo ikatha.

Yeremiya anagula. Ndipo taonani m'mene anagulira. Anayeza pasikelo masekeli 17 a siliva. Analemba chikalata, anachimata, anaitana mboni kuti zisayine. Panali makalata awiri, ina yomata ndi ina yotsegula. Anawapereka kwa mlembi wake Baruki mwana wa Neriya, pamaso pa Hanameli, mboni zija ndi Ayuda onse amene anali m'bwalomo, n'kumulamula kuti awaike mumtsuko wadothi kuti akhalitse. Chifukwa chake chinali chimodzi, Mulungu ananena kuti m'dziko limenelo anthu adzagulanso nyumba ndi minda. Ndimayesa kuwaona akaidi ndi alonda aja akuyang'anizana, ena akuseka chamumtima. Kunja kwa linga kukumveka phokoso la adani akuunjika dothi lokwerera, m'kati muno munthu akuonetsetsa kuti sikelo yalungama.

Pamenepa ndi pamene ndimaona chikhulupiriro chenicheni. Tsiku lija Hananiya sanatayepo kalikonse pa uneneri wake, anathyola goli la mwini. Yeremiya anatulutsa siliva wa m'thumba mwake. Ndipo musaiwale kuti munthuyu analibe mkazi, analibe mwana, pakuti Mulungu anamuletsa kukwatira. Mundawo sankagulira mdzukulu wake. Ankaika chizindikiro choti anthu amene sanabadwe adzachipeze.

Atatha kusayina, anapemphera, ndipo pemphero lake limanditonthoza. Linayamba bwino, kutamanda Mulungu wolenga kumwamba ndi dziko, kukumbukira za ku Igupto. Koma kumapeto kwake munthu akumveka wothedwa nzeru. Akumuonetsa Mulungu mitumbira ya adani, njala ndi mliri, n'kumufunsa m'mene angamuuzire kugula munda mzinda uli m'kamwa mwa adani. Ndiye kuti anamvera kaye, mafunso n'kubwera pambuyo, ndipo mafunsowo anapita nawo kwa mwini lonjezo. Ena mwa inu munaphunzitsidwa kuti Mkhristu safunsa, salira, sadandaula, kuti ukangonena kuti zandivuta ndiye kuti wadzitemberera. Werengani Masalimo, muona kuchuluka kwa odandaula. Yeremiya yemweyu pena anafika pomuuza Mulungu kuti wamunyenga, pena anatemberera tsiku limene anabadwa. Mulungu sanamuchotse ntchito.

Mzinda unagwa m'chaka cha 586, Kachisi anatenthedwa, Zedekiya anamukolowola maso. Yeremiya anatengedwa mokakamizidwa ndi anthu a mtundu wake kupita ku Igupto, ku Tapanesi, ndipo Baibulo limatisiya naye kumeneko, kutali ndi munda wake. Koma mu 539 Koresi wa ku Perisiya analanda Babulo, ndipo posakhalitsa analola Ayuda kubwerera, n'kuwabwezera ziwiya za m'Kachisi. Pa mndandanda wa obwerera m'buku la Ezara muli amuna 128 a ku Anatoti. Tsiku loika maziko a Kachisi watsopano, achinyamata ankafuula mokondwa, nkhalamba zimene zinaona Kachisi woyamba zikulira mokweza, moti womva ali patali sakanatha kusiyanitsa. Kachisiyo anatha kumangidwa cha m'ma 516, zaka 70 chiwonongekere woyamba uja.

Mbiri ya mpingo kwathu kuno ilinso ndi chitsanzo chake. Mu Okutobala 1875 sitima ya Ilala inalowa m'nyanja yathu, itanyamulidwa zidutswazidutswa pamitu ya anthu kudutsa mathithi a mu Shire, ndipo amishoni a Livingstonia anakhazikika ku Cape Maclear. Malungo anawasautsa. Dr William Black anafika mu 1876, mu 1877 n'kumwalira. Zaka zisanu zitatha, panali manda asanu, ndipo wobatizidwa woyamba, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Wowerengera phindu akanati tsekani, bwererani kwanu. Mmodzi wa amishoniwo, Robert Laws, anakhala m'dziko muno mpaka 1927. Koma onani kuti sanakakamire pamalo oipawo ati poonetsa chikhulupiriro. Anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 anakwera kumapiri a ku Khondowe. Anasintha malo ndi njira, ntchito sanaisiye. Za amishoni pali zambiri zoti tingatsutsane, ndipo tsiku lina tidzatero, koma pa nkhani ya kudikira anthu amenewa ndi aphunzitsi a m'midzi amene anagwira nawo ntchito tisawalande ulemu wawo.

Ndipo sitifunika kupita m'mabuku a mbiri kuti tione zotere. Pitani pa siwa m'mudzi uliwonse. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, abambo panja moto wazilala, ena akusinza pamipando. M'nyumba amayi a Chigwirizano akhala pamphasa mozungulira namfedwa, miyendo yachita dzanzi, mawu asasa. Nyimbo ikatha pamakhala kachetechete, kenako gogo wina pakona amayambitsa ina, ndipo anzake amalandira. Gogo ameneyo anaikapo mwamuna wake ndi ana ake angapo. Sanakwerepo ndege, nyumba yake ndi yaudzu. Palibe amene angamuitane kukachitira umboni pa wailesi yakanema. Kukacha ndi yemweyo amene akhale woyamba kukatunga madzi ophikira anthu obwera pamaliro. Mukamufunsa chimene chimamulimbitsa, akuuzani mwachidule kuti Ambuye ananena kuti tidzaonananso. Amakhulupirira lonjezo lalikulu kuposa onse, lovuta kuposa onse, ndipo palibe anamulipiritsa enivelopu.

Tsono inu amene mukudikira chinachake usiku uno, mwana amene sakubwera m'banja, ntchito imene mwaifunsira mpaka nsapato kutha, mwamuna amene anapita kunja n'kusiya kuimba foni, sindikuuzani tsiku. Sindinapatsidwe. Pemphani, ndipo musatope kupempha. Koma wina akakuuzani kuti Mulungu walonjeza chakutichakuti, mufunseni mwaulemu kuti abusa, zalembedwa pati, ndipo zinalembedwera yani? Werengani ndime za kutsogolo ndi za kumbuyo kwake. Onaninso ngati lonjezolo likufuna kuti mupereke ndalama kaye, chifukwa Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamudzudzula koopsa. Ndipo pamene mukudikira, chitani zimene akapolo aja anauzidwa. Inu amene mukudikira mwana, pitani kuchipatala mukayezetse nonse awiri. Lembaninso kalata ina yofunsira ntchito. Mvula ikagwa, dzalani. Mwana apite kusukulu.

Nthawi yatithera, okondedwa omvera. Amene muli ndi Baibulo pafupi, kaya Buku Lopatulika kaya Buku Loyera, werengani Yeremiya mitu 28, 29 ndi 32 motsatizana musanagone, ndipo ngati m'nyumbamo muli wina amene maso anafooka, muwerengereni mokweza.  Mugone bwino.